Milandu ya pa Windo la Khitchini

Amuna anga anaphunzitsa sewero limodzi lomwelo kwa zaka zambiri, mpaka ine, amene sindinatsegulepo bukulo, ndinkalidziwa ngati nyimbo ya ku tchalitchi. Ndinkalimva ndikutsuka mbale. Flati yathu ya ku Kabwata, mu Lusaka, ndi yaing'ono, makoma ake sasunga chinsinsi, ndipo ana asukulu obwera masana kudzawonjezera maphunziro ankakhala pabalaza, ine ndili kukhitchini ndi mapoto anga.

Sewerolo ndi lakalekale, la azungu. Mfumu yabwino imaphedwa ndi mlamu wake. Mwana wa mfumuyo, mwini mpando weniweni, amathawira kutsidya kwa nyanja. Wakuphayo amalamulira, anthu amatha ngati ntchentche, ndipo kumapeto mwana uja amabwerera, anthu n'kumuveka chisoti, nkhani n'kuthera pomwepo. Oswell, mwamuna wangayo, ankamukonda kwambiri mwana wothawayu. Ankauza ana kuti m'sewero lonselo ndi iye yekha amene amauopa mpando, ndipo munthu wouopa mpando ndi amene angaukhale bwino.

Ine sindinkagwirizana nazo. Ana akapita, ndinkatuluka ndi tiyi ndi mafunso anga.

"Bashi Cheryl, uyu mwana wanu wa mfumu ni mambala," ndinkatero, pomuitana kuti bambo a Cheryl, mwana wathu. "Abwela kumapeto, malaya yoyela, banzake bonse bafa kudala. Nanga baja bamene banafa iye akali kuganiza, ni ndani azabaukisa?"

Ankaseka, n'kuvula magalasi, n'kunena kuti ndikanakhala m'kalasi mwake bwenzi atandithamangitsa kalekale. Mkangano umenewu unali wathu wa chaka ndi chaka, monga ena amakanganira za mpira, ndipo tonse tinkaukonda.

Ndinkadziwa kuti Oswell ndi mwana wa mlongo wa mfumu ina yaing'ono ku Luapula, Mwine Lukonde. Ndinkadziwa monga umadziwira kuti mwamuna wako anadwalapo chikuku ali mwana: n'zoona, koma sizikukhudza. Kwawoko mpando supita kwa mwana wa mfumu, umatsata ana a alongo ake. Oswell anachokako ali wamng'ono kupita ku sukulu ya mishoni, ndipo kuyambira pamenepo ankangopitako pa maliro, n'kubwerako ndi nsomba zouma ndi malungo.

Mu Novembala wa 1997 malume akewo anamwalira. Oswell sanapite ku maliro. Anati ali ndi mayeso oti achonge. Ndinadabwa, chifukwa munthu uyu ankapita ngakhale ku maliro a wogulitsa makala. Koma sindinafunse.

Chimene chinandiulululira zonse ndi ba Jethro, amene ankakhala pamwamba pathu. Ba Jethro anali Mtonga wa ku Monze, wogwira ntchito ku banki m'tauni. Msinkhu wawo unali wofanana ndi wa Oswell, dazi lofanana, ndipo mwatsoka onse awiri anagula majekete ofiirira ofanana pa salaula, msika wa kaunjika. Tsiku lina dzuwa likupendeka, sukulu zitatsala pang'ono kutseka, ba Jethro anatsika minibasi pasiteji yathu. Mwadzidzidzi nthungululu zinalira. Amayi atatu anatulukira kuseri kwa kantemba, kagolosale ka pasiteji, n'kuwagwira manja, wina atakweza nkhonya yodzaza ufa pamwamba pa dazi lawo. Ba Jethro anakumbatira chikwama chawo n'kuyamba kukuwa m'Chitonga, akuganiza kuti ndi akuba a mtundu watsopano. Dzanja lija linaima m'malere. Ufa unangogwera pansapato.

Mayi wa ufayo anali ba Keziah, mlongo wamkulu wa Oswell, wogulitsa zitenje ku Kamwala. Pang'ono pokha anthu a ku Lukonde akanalamulidwa ndi Mtonga wa ku banki amene chinangwa sachiyang'ana n'komwe. Oswell anaona zonsezi ali pampando wakumbuyo m'minibasi yomweyo. Sanatsike. Anapitirira mpaka ku Chilenje, n'kubwerera wapansi kudzera kumbuyo kwa maflati, n'kulowa m'nyumba thukuta lili kamukamu.

M'mawa mwake ba Keziah anagogoda. Anali atanyamula mbale yachitsulo yovundikira ndi kansalu koyera.

"Mulamu, muli shani?"

"Nili bwino, ba Keziah. Ngenani."

"Awe, siningangene na iyi mbale."

Anandifotokozera ataima pakhonde. Kwawo mfumu saipempha, amaigwira. Akuluakulu akasankha munthu, amayi a m'banjamo amamusaka n'kumuthira ufa wa chinangwa kumutu, ndipo ufawo ukangomukhudza, sangakanenso. Akuluakulu anali atasankha Oswell.

"Manje wathabila mu nyumba yanu," anatero ba Keziah. "Kwathu nyumba ni ya mukazi. Mwamuna akabisala mu nyumba ya mukazi wake, sitimugwila. Koma ngati imwe mwasegula chiseko na kwanja yanu, mwakamba ati ngenani, mutengeni, ni pamene tingena."

"Nanga si nakamba kudala ati ngenani?"

"Mwakamba kuli mulamu wanu. Simunakambe kuli mbale." Anamwetulira pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Bakulu bakamba ati chaka chasopano chisapeze mupando ulibe munthu. Tikakangiwa, bazapasa Davies."

Davies anali m'bale wawo, mwana wa mlongo wina wa malemuwo, wokhala ku Kabulonga. Ndinamuuza mlamu wanga kuti apatse Davies yemweyo, kapena ba Jethro ngati akufuna, koma mwamuna wanga sapita kulikonse. Ndinatseka chitseko mwaulemu, n'kukhoma.

Muyenera kumvetsa za chitseko chimenechi. Ine ndinabadwira mu Lusaka, m'nyumba ya boma ku Chilenje. Bambo anga atapuma ntchito, tinatulutsidwa m'nyumbamo ndi katundu yense, mabedi ali panja anthu akuona. Ndinakula ndikudziwa kuti chitseko chilichonse chimene ndatsegula ndi cha eni ake. Ndiye chaka cham'mbuyo khonsolo itagulitsa maflati kwa okhalamo, chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kupenta chitsekocho chobiriwira ndi kuikapo loko watsopano. Ku ofesi kumene ndinali mlembi, kampani inali kudikira ogula, ndipo aliyense ankayenda ngati nkhuku yomva mpeni ukunoledwa. Chimene ndinali nacho chokhazikika padziko chinali chitseko chimenechi ndi anthu awiri kuseri kwake, Oswell ndi mwana wathu Cheryl. Kuti amayi a mbale andilande mmodzi, ndinaona kuti n'zamasewera.

Sukulu zinatseka, ndipo zinali zoti zidzatsegulidwa chaka chitalowa. Oswell anangofunika kukhala m'nyumba mpaka tsikulo lidutse. Anakhaladi. Pa Sabata ankadwala mutu, mutu wodabwitsa umene unkapola ine ndikangobwerako ku tchalitchi. Zinyalala ankataya ndi Cheryl. Amayi a mbale ankasinthana pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa flati, akuluka zoluka zawo, ndipo ndikamapita ku ntchito ankandipatsa moni wabwino kwambiri. Aliyense wofunsa, Oswell ankamuyankha chimodzimodzi: "Bana Cheryl sibangalole." Bana Cheryl, mayi a Cheryl, ndi ine, ndipo poyamba mawuwa ankandikoma.

Kenako kunayamba kubwera anthu a kumudzi.

Flati yathu ili pansi, ndipo windo la khitchini limayang'ana kumbuyo, kumene timayanika zovala. Lili ndi zitsulo zotchinga akuba. Tsiku lina ndikubwera ku ntchito ndinapeza amuna awiri achikulire atakhala pansi pa zingwe zoyanikira, mashiti anga akuwakupiza kumutu, akuwomba m'manja moyang'ana windo. Oswell anali mkati, ataima pakati pa sinki ndi sitovu.

"Ine sindine mfumu," ankawauza.

"Ee, tiziba," anayankha mmodzi. "Tabwela chabe kuona ba ticha."

Anali pachibale, ndipo anakangana za malo otchera mono pamtsinje, amene bambo awo anasiya. Anagona panjira, anakwera basi imodzi osalankhulana, kudzaona aphunzitsi. Oswell anati angowamvera chifukwa achokera kutali. Anakokera mpando wanga wa khitchini pafupi ndi windo.

Chibemba changa ndi cha mumsika, chogulira tomato. Chimene chinkatuluka m'kamwa mwa mwamuna wanga tsiku limenelo sindinkachimva chonse. Koma ndinali ndi maso. Oswell wa m'kalasi ndi munthu wolankhula, woponya manja, wosalola mwana kumaliza chiganizo. Uyu wa pawindo anali chete. Anamvera wamkulu mpaka anatopa yekha. Anamvera wamng'ono. Kenako anafunsa funso limodzi lalifupi, lokhudza amene anawadyetsa amayi awo chaka chimene anadwala. Amuna aja anayang'anana, wamkulu n'kuweramitsa mutu. Pochoka, wamng'ono ananyamula chikwama cha mkulu wake.

Oswell anatembenuka, n'kundipeza ndikumuyang'ana.

"Nabathandizako chabe maganizo," anatero, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Mbiri imayenda msanga kuposa basi. Sabata yotsatira kumbuyo kwa flati kunali ngati pachipatala. Ena anachokera ku Luapula komweko, ena anali a ku Lukonde okhala ku Chelstone ndi m'makomboni, amene anali atasunga milandu yawo kwa zaka. Makapu a tiyi ankadutsa pakati pa zitsulo, koma mbale sizinkakwana, choncho chakudya ndinkazungulira nacho panja. Ndinkadandaula mokweza kuti shuga wanga akutha, kuti zovala zanga zikununkha fodya, kuti khitchini yanga yasanduka khoti. Koma ndinaona kuti mwamuna wanga wayamba kudzuka m'mamawa, kumeta ndevu, kuvala malaya a kolala kuti akakhale pakati pa sinki ndi sitovu. Ankakumbukira mayina a timitsinje timene sanatione kuyambira ali mnyamata. Ndinachita nsanje. Ndinakhala naye zaka zonsezi, koma nkhope imeneyi anali asanandionetsepo.

Mlandu umodzi unamukanika. Kunabwera mayi wamasiye, ba Tryness, woonda, wovala nsapato za malemu amuna awo. Anati kunafika anthu pagalimoto, pamodzi ndi Davies, n'kukhoma zikhomo zofiira kuzungulira munda wawo wa chinangwa ndi minda ya anzawo mpaka kumtsinje. Anthuwo anati kukubwera famu yaikulu, kwangotsala kuti mfumu yatsopano ivomereze. Chinangwa chinali chisanakhwime. Ba Tryness ankafuna kudziwa ngati azule chomwecho kapena adikire.



"Ivo ni va mfumu, mayo," anatero Oswell. "Lindilani mfumu."

"Iti?" anafunsa ba Tryness.

Sanafunse mwachipongwe. Ankafunadi kudziwa. Oswell anaimirira, n'kukoka katani, n'kupita kuchipinda. Tsiku limenelo sanadye.

Davies anabwera Khirisimasi itayandikira. Analemera ndi magalimoto akale ochokera kunja, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba kudzaza misewu. Anaimika galimoto pafupi ndi mtengo wa mango, anapatsa moni amayi a mbale, ndipo dalaivala wake anatsitsa katoni ya mabisiketi, majuwisi ndi nkhuku zozizira za m'sitolo yatsopano. Sanali munthu woipa nkhope. Anali woseka, wodziwa kufunsa za sukulu ya mwana. Oswell anakana kutuluka kuchipinda, choncho Davies analankhula ndi ine.

"Mulamu, imwe ndimwe mukazi wa nzelu," anatero. "Kuja kulibe malaiti, kulibe manzi ya mu pompi, chipatala chili kutali. Ba Oswell ni munthu wa mabuku, bazamudya wamoyo. Sungani mwamuna wanu. Chiseko ichi osasegula."

Mawu onse amene ananena ndinali nditawanenapo ndekha, ena mpaka kwa Mulungu. Koma kuwamva akutuluka m'kamwa mwa Davies kunandinyansa, monga kupeza mlendo atavala chitenje chako. Mu Lusaka monse, munthu yekha amene anali mbali yanga anali uyu. Mabisiketi ndinakagawa kumbuyo, ndipo ba Tryness, amene anali asanapeze yobwerera, anadya atatu n'kumanga ena pakona ya chitenje.

Cheryl anali woti adzalemba mayeso omaliza chaka chotsatira, ndipo buku la sewero lija linali litamufika nayenso. Tsiku lina tikudya masana analitsegula pambali pa mbale, chizolowezi choipa chimene anatengera kwa bambo ake.

"Dadi, nanga uyu mwana wa mfumu, n'chifukwa chani anachedwa so kubwelela?"

"Anali kuyopa," anatero Oswell.

"Manje baja banthu bamene banafa iye akali kuyopa?"

"Funsa bamai bako. Iyo funso ni yao."

Ananena akuseka, mopanda chinyengo, monga tinkachitira chaka chilichonse. Kenako anaona nkhope yanga, kuseka n'kuthera panjira. Funsolo linalidi langa. Ndinalifunsa kwa zaka, ndili ndi kapu ya tiyi m'manja, ndikumunyoza mwana wa m'buku. Tsopano mwana wa mfumu anali patebulo panga akudya nyemba, ndipo kiyi wa nyanja imene anathawira anali m'chikwama changa. Ndinanyamuka kukatunga madzi amene panalibe amene anawapempha.

Khirisimasi itadutsa ndinapita ku Kamwala pa nthawi ya nkhomaliro. Ndinadutsa njanji, n'kupanikizana ndi mawilibala ndi anthu ogula za Nyuwere, mpaka ndinapeza ba Keziah pakati pa zitenje zawo. Nyengo yonse imene malonda amayenda iwo anaithera pansi pa mtengo wa mango, ndipo mashelefu awo anali odzaza pamene a anzawo anali atapepuka. Anandipatsa kampando.

"Sinabwele kuvomela," ndinatero. "Nifuna chabe muniuze. Nikasegula, ine nizankala ndani?"

Ndinkayembekeza kuti andinyengerera, anene za ulemu ndi mphatso. Sanatero.

"Nizakuuzani chilungamo, mulamu. Muzankala mukazi wake, palibe azakuchosani. Koma pa menso ya banthu simuzadya naye mbale imozi. Mukafuna kukamba naye, muzagwada, muzaomba mu manja monga bonse." Anapinda chitenje chimene chinali chopinda kale. "Na zina yake izasila. Unga ukagwa pa mutu, Oswell kulibe. Ni Mwine Lukonde. Palibe azaitana iyo zina futi, olo imwe, olo ine."

"Olo mu nyumba, tili babili?"

"Olo mu nyumba. Ikazolowela kamwa, izachoka pa banthu." Maso awo anadzaza misozi, ndipo sanabise. "Ine ndine ninamupasa iyo zina. Bamayo banali kudwala, ba fada bafunsa ati mwana ni ndani, ine nakamba Oswell, cifukwa ninaimvela pa wailesi. Ninamubeleka pa musana. Muganiza nifuna kumutila unga? Ninyamula iyi mbale monga ninyamula mwala."

Tinalira tonse pakati pa zitenje, kasitomala wina ataima akudikira kuti afunse mtengo. Ndinabwerera ku ofesi maso ali ofiira, ndipo anzanga anaganiza kuti ndamva za kuchotsedwa ntchito.

Pa Sabata masana, nditabwerako ku tchalitchi, ndinamupeza Oswell m'khitchini. Kumbuyo kunalibe anthu, chifukwa ndinali nditalamula kuti pa Sabata khoti litseke. Anali atakhala pampando womwewo, akuyang'ana zingwe zopanda zovala. Cheryl anali kwa anzake ku Woodlands.

"Bashi Cheryl, mufuna kuyenda?"

"Niyopa, Betty."

"Sinafunse ivo."

"Ninachoka kuja nili mwana. Mu kilasi nikalakwisa, mwana afeluka, abweleza chaka, basi. Kuja nikalakwisa, munthu agona na njala. Elo iwe? Nchito yako ili kuno, Cheryl ali na mayeso. Uzasala weka mu iyi nyumba."

"Mufuna kuyenda?"

Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

"Ukasiya chiseko chokhoma, nizakuyamika mpaka nikafe," anatero.

Ananena zoona, ndipo n'chimene chinandipweteka. Akanandiyamikadi. Akanabwerera ku kalasi, akanaphunzitsa sewero lake, akanandigulira mphatso pa tsiku langa lobadwa. Ndipo tsiku lililonse lomva kuti munda wina wapita, akanakhala chete patebulo, n'kundiyamikabe. Ndinakwiya naye kwambiri chifukwa chonditwika ine katundu amene anali wake. Anali wamantha, ndipo anabisala kumbuyo kwa siketi yanga mwezi wathunthu. Koma ndinkamukonda wamantha yemweyo, ndipo ndinali nditaona ndi maso anga kuti mantha akewo ndi amene ankamupangitsa kumvera munthu mpaka amalize. Sindinamuuze kuti pa mkangano wathu wakale iye anali ndi mbali yake yoona. Zinthu zina mwamuna sumupatsa, angazolowere.

Ndinapemphera masiku otsatirawo, koma osapempha chizindikiro, chifukwa ndinkaopa kuti ndingapatsidwe. Ndinalankhula ndi Cheryl. Analira, kenako anafunsa ngati tsopano iye akhala mwana wa mfumu. Ndinamuuza kuti kwa bambo ake mwana wa mfumu ndi munthu wamba, akatsuke mbale.

Tsiku lomaliza la chaka kunacha ndi mvula yowaza. Ndinadzuka m'mamawa n'kusita malaya ake, osati atsopano, koma abuluu akale amene ndinkawakonda, poti ufa wa chinangwa ukanyowa suchoka msanga. Ndinalongedza chikwama: mankhwala ake a mutu, neti ya udzudzu, masokosi, ndi magalasi ena akale oti akasweka awa asakhale wakhungu. Anandiona ndikulongedza. 

Ndinaphika chimanga chachiwisi ndi mazira. Cheryl anatenga chake n'kupita kuchipinda popanda womuuza, mwana wanzeru. Ndinaika zonse m'mbale imodzi pakati pathu. Oswell anayang'ana mbaleyo, n'kundiyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti mwambo wonse ankaudziwa kuyambira kale. Tinadya pang'onopang'ono. Anandisiyira dzira lomaliza, ine n'kulibweza, iye n'kulidula pakati.

Panja ndinkamva amayi aja akukambirana pansi pa mtengo. Anali atabwera onse tsikulo, atafunda mapulasitiki kumutu.

Chibadwire Cheryl ndinali ndisanamuitanepo mwamuna wanga ndi dzina lake. Umu ndi mmene tinaleredwera: mwana akabadwa, bambo amakhala bashi uje, ndipo dzina limapita m'sutikesi pamodzi ndi zithunzi za ukwati. Ndinkaganiza kuti lilipo, ndidzalitulutsa tikadzakalamba.

"Oswell," ndinatero.

Linatuluka lolimba, ngati chitseko cha chipinda chosatsegulidwa. Anadzidzimuka, n'kuika chitsononkho pansi.

"Nili pano."

"Oswell." Ulendo uno linatuluka bwino, monga ndinkalitchulira pasiteji ya basi ku Chilenje, ndili mtsikana wa siketi yaifupi, iye ali mphunzitsi watsopano wa nsapato imodzi yong'ambika. Ndinalitchulanso, ndi kulitchulanso, popanda chonena pambuyo pake. Iye ankangoyankha kuti ali pano. Anagwira dzanja langa.

"Betty, niyopa."

"Niziba. Muziyopa chabe so, osaleka."

Ndinaimirira. Kuchokera patebulo kufika pachitseko ndi pafupi, flati yathu ndi yaing'ono, koma ndinayenda pang'onopang'ono. Ndinatembenuza kiyi. Ba Keziah anali kale pakhonde, mbale ili m'manja, madzi a mvula akutsika kumaso, amayi ena ali kumbuyo kwawo. Anandiyang'ana, akudikira.

"Ngenani," ndinatero.  "Ngenani, mutengeni."

Analowa ndi matope awo pakapeti wanga. Oswell sanathawe. Anaimirira pafupi ndi tebulo, manja ali m'mbali, ngati mwana wodikira jakisoni. Ba Keziah anavundukula mbale, n'kutapa ufa, n'kuima pang'ono akumuyang'ana mlongo wawo. Kenako anamuthira kumutu.

Nthungululu zinadzaza flati mpaka makapu analira m'kabati. Anthu a m'maflati anatuluka m'makonde, ba Jethro ali pamasitepe atagwira dazi lawo ndi manja awiri. Ufa unatsika padazi, m'makutu, pamapewa a malaya abuluu. Amayi onse anagwada n'kuyamba kuwomba m'manja, akutchula dzina latsopano. Ba Keziah anagwadanso, akulira poyera. Cheryl anaima pakhomo la chipinda, dzanja lili pakamwa.

Ndinatsala ndine ndekha woimirira. Mfumu inali pakati pa balaza langa, yoyera mbuu, yosaona kanthu chifukwa ufa unali utamata magalasi. Inkaphethira, ikutembenuza mutu uku ndi uku, ndipo ndinadziwa amene inkamufuna. Ndinapita, n'kuivula magalasiwo, n'kuwapukuta bwinobwino ndi chitenje changa. Kenako ndinagwada, n'kuwapereka ndi manja awiri.

Inawavala, n'kundiona ndili pansi.

"Betty," inatero motsitsa, kuti ena asamve.

Ndinatsegula pakamwa, koma ndinalibe choiitanira. Ndinayankha ndi m'manja, pamodzi ndi ena onse.